Malamulo a m'madera okhala anthu ku United States

Malamulo a m'madera okhala anthu ku United States ndi malamulo amene amanena malo ndi nthawi imene munthu angaimike galimoto mumsewu wodutsa pakhomo pake, zikwangwani zimene angazike pabwalo kapena kumata pawindo, ndiponso mmene ayenera kusamalira nyumba, kapinga ndi mpanda wake. Malamulowa amachokera mbali ziwiri. Ena amaikidwa ndi khonsolo ya mzinda kapena nyumba ya malamulo ya chigawo, popeza dzikoli lili ndi zigawo 50 ndipo chilichonse chimapanga malamulo ake. Ena amaikidwa ndi bungwe la eni nyumba a m'deralo, lomwe pa Chingerezi limatchedwa homeowners association, mwachidule HOA.

Kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kofunika kwambiri. Khonsolo ndi nthambi ya boma, choncho siingaphwanye ufulu umene malamulo oyendetsera dziko amapereka kwa nzika. Bungwe la eni nyumba si boma. Makhoti ambiri amaona malamulo ake ngati pangano limene munthu anavomera yekha tsiku limene anagula nyumba. N'chifukwa chake chinthu chimene khonsolo ilibe mphamvu yoletsa, bungwe limatha kuchiletsa mumsewu woyandikana nawo.

Mbiri

Mapangano omanga eni nyumba anayamba m'madera a anthu olemera. Ku Gramercy Park mumzinda wa New York, malo amene Samuel Ruggles anakonza m'chaka cha 1831, eni nyumba zozungulira paki ndi amene amaisamalira, ndipo mpaka lero amalowamo ndi okhawo ali ndi kiyi. Mphamvu ya makhonsolo yogawa mzinda m'magawo, kuti kuno kukhale nyumba zokha ndipo uko mafakitale, inatsimikizidwa ndi khoti lalikulu la dzikolo, la Supreme Court, pa mlandu wa Village of Euclid v. Ambler Realty m'chaka cha 1926.

Malamulo otere anafika kwa anthu wamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pakati pa 1947 ndi 1951, kampani ya Levitt & Sons inamanga nyumba zoposa 17,000 ku Levittown, pachilumba cha Long Island. Wokhala m'nyumbazo ankayenera kutchetcha kapinga kamodzi pa sabata kuyambira mu April mpaka November, samaloledwa kumanga mpanda, komanso samayenera kuyanika zovala panja Loweruka ndi Lamlungu. M'chikalata chomwecho munalinso ndime yoletsa anthu amene sanali azungu kukhala m'nyumbazo, kupatula antchito apakhomo. Ndime zatsankho ngati imeneyi zinali zofala m'dziko lonselo. M'chaka cha 1948, pa mlandu wa Shelley v. Kraemer, Supreme Court inati makhoti asamakakamize anthu kutsatira ndime zoterezi, ndipo lamulo la Fair Housing Act la 1968 linaletseratu tsankho pogulitsa kapena kuchititsa lendi nyumba. Malamulo a kapinga, mipanda ndi penti anatsala, ndipo anachulukirachulukira.

Malinga ndi bungwe la Community Associations Institute, m'chaka cha 1970 dzikolo linali ndi mabungwe otere pafupifupi 10,000, kuwerengera ndi a nyumba zamdadada zimene anthu amagula chipinda ndi chipinda. Masiku ano alipo oposa 360,000 ndipo m'madera awo mumakhala anthu oposa 70 miliyoni. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti makhonsolo amasangalala nawo: bungwe likamakonza lokha misewu, ngalande ndi mapaki a m'dera lake, khonsolo imapepukidwa, pamene eni nyumba akupitiriza kukhoma msonkho wa malo. Evan McKenzie anafotokoza zimenezi m'buku lake la Privatopia la 1994, momwe anatcha mabungwewa maboma a anthu apadera.

Kuimika galimoto mumsewu

Funso loyamba pa nkhani ya galimoto ndi lakuti msewu ndi wa ndani. Ngati ndi wa boma, munthu alibe umwini wa malo oimikapo galimoto ngakhale ali kutsogolo kwa geti lake lenileni. Mlendo aliyense angaimepo, bola atsate malamulo a khonsolo. Ku Los Angeles, San Francisco ndi Seattle galimoto siiyenera kukhala pamalo amodzi mumsewu kupitirira maola 72, apo ayi ikhoza kukokedwa. Ku New York ndi ku California n'koletsedwa kuima pamtunda wosakwana mamita anayi ndi theka kuchokera pampopi wa ozimitsa moto. Mzinda wa New York uli ndi dongosolo limene linayamba m'chaka cha 1950, lakuti pa masiku ndi maola olembedwa pachikwangwani mbali imodzi ya msewu ikhale yopanda galimoto kuti makina osesa adutse. Ku Chicago, kuyambira pa 1 December mpaka pa 1 April, galimoto siziima m'misewu ina ikuluikulu pakati pa 3 koloko ndi 7 koloko m'mawa, kaya chipale chofewa chagwa kaya sichinagwe.

M'madera oyandikana ndi maofesi, masukulu aukachenjede ndi masiteshoni a sitima, makhonsolo amapereka ziphaso kwa okhala m'deralo kuti iwo okha ndi alendo awo ndiwo aziimika galimoto masana. Dongosololi linayesedwa m'khoti ku Arlington County, m'chigawo cha Virginia. Anthu ogwira ntchito m'maofesi a ku Crystal City ankasiya galimoto zawo tsiku lonse m'misewu ya dera la nyumba la Aurora Highlands, ndipo ataletsedwa anadandaula kuti akusalidwa. Khoti la Virginia linagwirizana nawo, koma m'chaka cha 1977 Supreme Court inati boma lili ndi zifukwa zomveka zokondera okhala m'dera, monga kuchepetsa phokoso, utsi ndi ngozi kwa ana.

Kumene msewu ndi wa bungwe, malamulo amakhala okhwima kuposa pamenepa. Kawirikawiri amaletsa kugoneka galimoto mumsewu usiku, kuimika lole, kalavani kapena bwato pamalo oonekera, kukonza injini pabwalo, ngakhalenso kusiya chitseko cha galaja chili pululu. Ena amaletsa galimoto iliyonse yolembedwa dzina la kampani. Lamulo limeneli limapweteka kwambiri amisiri monga okonza magetsi ndi mapaipi, amene galimoto yawo yantchito ndi yomweyo imene amapita nayo kunyumba. Zigawo zina zalowererapo. Ku Arizona, mabungwe amene anakhazikitsidwa chaka cha 2014 chitatha alibe mphamvu pa misewu imene ili m'manja mwa boma. Ku Florida, kuyambira pa 1 July 2024, bungwe silingaletse munthu kuimika galimoto yake, kuphatikizapo ya pickup, pakanjira kolowera kugalaja lake.

Zikwangwani

Pa zikwangwani m'pamene kusiyana kwa khonsolo ndi bungwe kumaonekera bwino, chifukwa nkhaniyi imakhudza ufulu wolankhula, umene umatetezedwa ndi ndime ya First Amendment ya malamulo oyendetsera dziko.

M'chaka cha 1974, tauni ya Willingboro ku New Jersey, yomwe inamangidwanso ndi kampani ya Levitt, inaletsa zikwangwani zolengeza kuti nyumba ikugulitsidwa. Akuluakulu a tauniyo ankaopa kuti azungu akamaona zikwangwanizo zikuchuluka, pamene mabanja a anthu akuda akusamukira m'deralo, nawonso azigulitsa nyumba zawo mothamanga n'kuchoka. Cholinga chinali chofuna kuti mitundu ikhale pamodzi, komabe m'chaka cha 1977 Supreme Court inathetsa lamulolo. Chigamulocho analemba ndi Thurgood Marshall, woweruza woyamba wakuda wa khotilo, ndipo mfundo yake inali yakuti boma silingabise uthenga woona poopa zimene anthu angachite akaumva.

Mlandu wotchuka kwambiri ndi wa City of Ladue v. Gilleo. Ladue ndi tauni ya anthu ochita bwino kufupi ndi St. Louis, m'chigawo cha Missouri. Mu December 1990, Margaret Gilleo anazika pabwalo pake chikwangwani chotsutsa nkhondo imene inkayandikira ku Persian Gulf. Choyamba chinasowa, chachiwiri chinagwetsedwa, ndipo atakadandaula kupolisi anauzidwa kuti zikwangwani zotere n'zoletsedwa m'tauniyo. Pambuyo pake anamata pawindo la chipinda cham'mwamba kapepala kakang'ono, kofanana ndi tsamba la kalata, kopempha mtendere. Khonsolo inati nakonso n'kosaloledwa. M'chaka cha 1994 oweruza onse asanu ndi anayi anagamula mokomera mayiyo. John Paul Stevens, amene analemba chigamulocho, anati chikwangwani cha pakhomo ndi njira yotsika mtengo yolankhulira, ndipo chili ndi tanthauzo lapadera chifukwa chimasonyeza amene akulankhula. Khonsolo ikhoza kuika malire a kukula kapena malo a chikwangwani, koma siingatseke njira yonseyo.

M'chaka cha 2015, pa mlandu wa Reed v. Town of Gilbert, khotilo linawonjezera kuti khonsolo isamasiyanitse zikwangwani potengera zimene zalembedwapo. Tauni ya Gilbert ku Arizona inkalola zikwangwani za zisankho kukhala zazikulu kuposa kasanu poyerekeza ndi zolozera anthu kumsonkhano, ndipo zolozerazo zinkaloledwa kuzikidwa kutatsala maola 12 okha. Amene anasuma anali m'busa wa kampingo kakang'ono kopanda tchalitchi chakechake, kamene kankapemphera m'masukulu ndi m'malo ena obwereka.

Zigamulo zitatuzi sizimanga mabungwe a eni nyumba. Munthu wokhala m'dera la HOA amadalira zimene chigawo chake chinalemba. Ku California bungwe silingaletse chikwangwani chosakhala cha malonda ngati sichikupitirira pafupifupi masikweya mita 0.8. Ku Texas chikwangwani cha ndale chimaloledwa kuyambira masiku 90 chisankho chisanachitike mpaka masiku 10 chitachitika. Ku New Jersey khoti lalikulu la chigawocho linavomereza mu 2007 malamulo a dera la Twin Rivers amene ankangochepetsa chiwerengero cha zikwangwani, koma mu 2012, pa mlandu wa Mazdabrook Commons, linakana lamulo loletsa pafupifupi zonse. Kumeneko bungwe linalipitsa mwini nyumba wina chifukwa chomata pawindo ndi pachitseko chikwangwani chokopa anthu kuti amuvotere iye mwini. Boma lalikulu linalowererapo pa zinthu zochepa chabe: lamulo limene George W. Bush anasaina mu July 2006 limateteza mbendera ya dzikolo, ndipo lamulo la 1996 la bungwe la FCC limateteza dishi ya TV yosapitirira mita imodzi m'mimba mwake.

Kusamalira nyumba ndi bwalo

Malamulo a khonsolo pa nkhaniyi amayang'ana kwambiri ukhondo ndi chitetezo: zinyalala, mawindo osweka, galimoto zakufa zosiyidwa pabwalo, ndi udzu wautali umene umabisa makoswe ndi njoka. Ku Chicago udzu suyenera kupitirira masentimita 25. Ku New York mwini nyumba ayenera kuchotsa chipale chofewa panjira ya anthu apansi yodutsa pakhomo pake pasanathe maola anayi chitasiya kugwa, osawerengera maola a usiku. Chindapusa chikhoza kukula kwambiri ngati chikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Mumzinda wa Dunedin ku Florida, bambo wina wopuma pantchito analipitsidwa $500 patsiku mu 2018 chifukwa cha udzu umene unakula iye ali kutali, mpaka ndalamazo zinafika pafupifupi $30,000, ndipo makhoti awiri anakana kuthetsa chindapusacho.

Mabungwe amapitirira pa ukhondo n'kufika pa maonekedwe. Amasankha mitundu ya penti yololedwa, kutalika kwa mpanda, mtundu wa denga, malo obisa bini ya zinyalala, ndi nthawi yochotsera magetsi okongoletsa a Khirisimasi. Wofuna kusintha chilichonse kunja kwa nyumba amayamba wapempha chilolezo kukomiti. Ochirikiza malamulowa amati amateteza mtengo wa nyumba, chifukwa pakhomo pamodzi posasamalika pamatsitsa mtengo wa nyumba zonse za mumsewu. Otsutsa amati makomiti amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka amene nthawi zina amakondera kapena kubwezera zifukwa za pakati pa anthu oyandikana. Makhoti sathamangira kuthetsa lamulo lolembedwa m'chikalata cha malo. Pa mlandu wa Nahrstedt wa 1994, khoti lalikulu la California linati lamulo lotere limaonedwa kuti ndi loyenera pokhapokha wodandaula atasonyeza kuti n'lopanda mutu, ngakhale kuti mayi amene anasumayo ankanena za amphaka atatu osatuluka panja.

Kapinga wobiriwira wabweretsa mkangano wina m'madera ouma a kumadzulo. Pa chilala cha 2014, anthu ena a ku California anapezeka pakati pa malamulo awiri, boma likuwauza kuti asunge madzi pamene bungwe likuwaopseza ndi chindapusa chifukwa kapinga wauma. Chigawocho chinakhazikitsa lamulo loletsa chindapusa chotero pa nthawi ya chilala. Mu 2021, Maryland inalamula kuti mabungwe asakakamize munthu kudzala kapinga yekhayekha ngati akufuna maluwa ndi zomera zosafuna madzi ambiri. Florida ndi zigawo zina zimatetezanso chingwe choyanikira zovala, chinthu chimene m'mayiko ambiri palibe angaganize kuti chikufunika lamulo.

Chilango

Bungwe limayamba ndi kalata yochenjeza, kenako limaitana mwini nyumba kukomiti, kenako chindapusa. Mphamvu yake yaikulu ili pa ndalama zimene mwini nyumba aliyense amasonkha pamwezi kapena pachaka. Munthu akalephera kupereka, ngongoleyo imalembedwa pa nyumba yake, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama za maloya, ndipo m'zigawo zambiri bungwe likhoza kugulitsa nyumbayo kuti lipeze zake, ngakhale mwiniyo atamaliza kale kubweza ngongole ya kubanki. Ku California izi zimatheka ngongole ya zosonkha ikafika $1,800 kapena ikapitirira miyezi 12, ndipo chindapusa chophwanya malamulo sichiwerengedwa pamenepo. Colorado inasintha malamulo ake mu 2022, nyuzipepala zitaulula za mabungwe amene ankalanda nyumba zambiri mumzinda wa Denver. Tsopano chindapusa pa mlandu wosakhudza thanzi kapena chitetezo cha anthu sichipitirira $500, ndipo bungwe silingagulitse nyumba ya munthu chifukwa cha zindapusa zokha.