Ukali wa Agalu

Ukali wa galu ndi khalidwe loopseza kapena kuluma, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala mantha, ululu, kapena kuteteza chakudya ndi ana, osati nkhanza yobadwa nayo monga ambiri amaganizira. Galu asanalume amayamba wachenjeza: thupi limauma, ubweya wa pamsana umaimirira, milomo imakwinyika mpaka mano kuonekera. Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller, amene adasindikizidwa mu 1965, adaonetsa kuti mwana wa galu amazolowera anthu mosavuta ali ndi masabata apakati pa 3 ndi 12, kotero kuti galu wokulira pa tcheni kuseri kwa nyumba, amene mwini wake amamunyadira kuti ndi mlonda wabwino, nthawi zambiri amakhala wamantha chabe.

Ku Britain, lamulo la mu 1991 lidaletsa mitundu ina ya agalu monga Pit Bull Terrier, ngakhale kuti mtundu paokha suneneratu khalidwe la galu aliyense. Ukali wobwera mwadzidzidzi, makamaka galu akamachucha dovu, ungakhale chizindikiro cha chiwewe, matenda a kachilombo kogwira ubongo, ndipo munthu wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala.