Othawa Nkhondo: Awalandire Ndani?

Funso lakuti ndi maiko ati ayenera kulandira anthu othawa nkhondo limamveka ngati mlandu wa akuluakulu a ku Geneva. Koma tikafufuza mbiri tipeza kuti woyamba kuliyankha amakhala munthu wa m'mudzi wa m'malire, amene podzuka m'mawa wapeza alendo pakhonde pake.

Tiyambe ndi chaka cha 1938. Nthumwi za maiko 32 zidasonkhana ku Evian, m'dziko la France, kukakambirana za Ayuda amene ankathawa nkhanza za Hitler. Onse adalankhula mawu achisoni, koma dziko limodzi lokha, la Dominican Republic, ndilo lidalonjeza kulandira anthu ambiri. M'chaka chotsatira sitima ya pamadzi yotchedwa St. Louis, itanyamula anthu oposa 900, idakanidwa ku Cuba ndi ku America mpaka idabwerera ku Ulaya, kumene ena mwa iwo adakaphedwa. Manyazi a zaka zimenezi adathandiza kubala pangano la United Nations la 1951, loletsa kubweza munthu kumene moyo wake uli pachiswe.

Pangano limeneli lidalembedwa poganizira za ku Ulaya. Nchifukwa chake m'chaka cha 1969 maiko a mu Africa, kudzera m'bungwe la OAU, adapangana lawo ku Addis Ababa. Iwo adaonjezapo mfundo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba, munthu wothawa nkhondo kapena chipwirikiti ayenera kutetezedwa ngakhale palibe amene akumusaka iye payekha. Yachiwiri, dziko limene katundu walilemera lingathe kupempha maiko anzake kuti alipepuze.

Mfundozi zidayesedwa kuno kwathu. Nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO itakula ku Mozambique m'chaka cha 1986, anthu adayamba kulowa m'Malawi mwaunyinji, ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje. Pofika 1992 adaposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 adapeza Amalawi pafupifupi 8 miliyoni okha. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni dera. Ambiri adafikira m'midzi, chifukwa malire adadula pakati pa abale: Msena adapeza Msena, Mngoni wa ku Angonia adapeza Mngoni wa ku Ntcheu. Mafumu adagawa malo, mabungwe a UNHCR ndi WFP adabweretsa chimanga, nyemba ndi mafuta. Koma nkhuni, madzi a pachitsime ndi mabedi a m'chipatala sizidachokere kunja. Mapiri adayera, pamene nkhondo yomweyo idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu nkukwera mtengo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendo ambiri adabwerera kwawo.

Nanga tidawalandiriranji? Kumbukirani kuti Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835 akuchokera ku nkhondo za kumwera, ndipo Alomwe ambiri adabwera kuno pothawa ntchito yakalavula gaga ya Apwitikizi. Kumbukiraninso kuti mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adathawa m'dziko muno kukabisala ku Sinda Misale, ku Zambia. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tisadzitame msanga. Ndende yakale ya Dzaleka ku Dowa idasanduka msasa mu 1994, ndipo malo okonzedwera anthu pafupifupi 10,000 adadzasunga oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma lidabwezera kumeneko ngakhale amene adali atakhazikika m'matauni. Mlendo akakhalitsa, ndipo thandizo lakunja likachepa, mtima wa mwini nyumba umayamba kuuma.

Phunziro lake nali. Dziko loyandikana nalo silisankha: wothawa chipolopolo amayenda pansi, ndipo amafika pamene miyendo yamufikitsa. Chitseko chimenecho chisatsekedwe. Koma maiko olemera akutali asayese kuti kutalika kwawachotsera udindo. Ayenera kulipirira chakudya, sukulu ndi zipatala za alendo ndi eni mudzi omwe, komanso kutengako ena amene sadzatha kubwerera kwawo. Akapanda kutero, tidzabwerezanso za ku Evian, ndipo katundu yense adzatsalira osauka a m'malire.