Zilembo za Pakati pa Mizere: Mbiri ya Buku la ku Lindisfarne

Makina osindikizira asanayambe kugwira ntchito ku Ulaya m'zaka za m'ma 1450, mabuku ankalembedwa pamanja, ndipo ochuluka mwa iwo anali a m'Chilatini. Limodzi mwa mabuku otchuka a nyengo imeneyo ndi la Uthenga Wabwino la ku Lindisfarne, lomwe mbiri yake ili ndi phunziro kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi a chiyankhulo.

Lindisfarne ndi kachilumba ka kumpoto chakum'maŵa kwa England. Bukuli linalembedwa kumeneko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 700, ndipo mlembi wake akuti anali Eadfrith, bishopu wa pachilumbapo kuyambira 698 mpaka 721. Lili ndi mapepala 259 opangidwa ndi zikopa za ana a ng'ombe, ndipo muli Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane monga Jerome anawakonzera m'Chilatini. Zilembo zake ndi zikuluzikulu, zobulungira, za mtundu umene akatswiri amautcha insular majuscule, ndipo zinandandalikidwa m'madanga aŵiri pa tsamba. Kumayambiriro kwa Uthenga uliwonse kuli chithunzi cha mlembi wake, tsamba lathunthu la mtanda wokongoletsedwa ngati mkeka wolukidwa mwaluso, kenaka chilembo choyamba chachikulu chodzala ndi mbalame ndi nyama zopotanapotana.

Mu 793 achifwamba apanyanja otchedwa ma Viking anaukira chilumbacho, ndipo mu 875 amonke anasamuka, nakakhazikika ku Chester-le-Street mu 883. Kumeneko, chapakati pa zaka za m'ma 900, wansembe wina dzina lake Aldred anachita chinthu chimene wosunga mabuku wa lero sangachilole. Analemba ndi zilembo zing'onozing'ono pakati pa mizere, kuika liwu la Chingerezi cha nthaŵiyo pamwamba pa liwu lililonse la Chilatini. Kumasulira kumeneku ndiko kwakale koposa kwa Mauthenga anayi m'Chingerezi kumene kulipobe.

Aldred anakumana ndi mavuto aŵiri odziŵika kwa aliyense wolemba chiyankhulo chake ndi zilembo zobwereka. Loyamba linali la kalembedwe. Chingerezi chinali ndi mamvekero amene afabeti ya Chilatini inalibe, motero iye anagwiritsa ntchito zilembo zoonjezera monga ð, monganso Chicheŵa chinafunikira ŵ ndi ng'. Lachiŵiri linali la mawu. Pamene liwu limodzi silinakwanire kusenza tanthauzo lonse la Chilatini, ankalemba mawu aŵiri kapena kuposa, nawalumikiza ndi chizindikiro cha vel, kutanthauza "kapena". Chifukwa cha chizoloŵezi chimenechi, akatswiri akudziŵa mawu ambiri a kayankhulidwe ka ku Northumbria amene mwina akanaiŵalika.

Kumapeto kwa bukuli Aldred analembanso mayina a amene anagwira ntchito: Eadfrith wolemba, Æthelwald womanga bukulo, Billfrith wokongoletsa chikuto ndi golide, siliva ndi miyala yamtengo wapatali, ndi iye mwini womasulira. Ngakhale analemba patapita zaka zoposa 200, mawu akeŵa ndiwo gwero lalikulu la zimene zikudziŵika za chiyambi cha bukuli.

Mu 995 gulu la amonkelo linasamukira ku Durham. Chikuto cha Billfrith chinasoŵa, ndipo chimene chilipo chinaikidwa mu 1852. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600 bukuli linachoka m'manja mwa Robert Bowyer n'kuloŵa m'nkhokwe ya Robert Cotton, amene ankasanja mabuku ake m'makabati okhala ndi mafano a mafumu a ku Roma pamwamba. Ichi ndicho chifukwa chake limatchedwa Cotton Nero D IV. Linapulumuka moto wa ku Ashburnham House mu 1731, linaloŵa mu British Museum mu 1753, ndipo kuyambira 1973 lili m'manja mwa British Library.

Golide wa pachikuto anatayika, eni buku anasinthasintha, koma tizilembo ta Aldred tidakaŵerengeka. Womasulira amene wapeza mawu aŵiri opikisana, bwino awalembe onse pamodzi ndi dzina lake, kuti odza m'mbuyo adzakhale ndi posankhira ndiponso adzadziŵe amene anawatola.