KASUPE WA MKAZI WOLIMA NDI NG'OMBE ZINAI

Lero sitinena za mbeu kapena za dipi. Tikamba mbiri ya kasupe wina wa ku Ulaya, cifukwa mbiriyo iri ndi mau kwa munthu ali yense wodandaula kuti munda wamcepera.

Kasupeyo ali pafupi ndi doko la mzinda wa Copenhagen, likulu la dziko la Denmark. Si kasupe wotumphuka yekha pansi ai, koma womangidwa ndi amisiri. Pamwamba pace pali cifanizo ca mkuwa ca mkazi wogwira mkwapulo, alikuyendetsa ng'ombe zinai zokoka khasu. Ng'ombezo zazyolika mitu monga zicita pokoka m'nthaka youma, ndipo madzi amatumphuka pozungulira pao, natsikira m'maiwe a miyala.

Mkaziyo dzina lace Gefion. Ndiye wa m'nthano za makolo a anthu a kumeneko, zimene Snorri Sturluson wa ku Iceland analemba m'zaka za m'ma 1200. Nthanoyo iti Gylfi, mfumu ya ku Sweden, analonjeza kupatsa mkaziyu malo onse amene ng'ombe zinai zikanalima usana umodzi ndi usiku umodzi. Tsono Gefion anatenga ana ace anai aamuna, nawasandutsa ng'ombe, nawamanga m'goli. Khasu linalowa pansi kwambiri kotero kuti linazula dziko, ng'ombe nizilikokera m'nyanja. Ndico cisumbu ca Zealand, pamene pali Copenhagen. Dzenje lotsala ku Sweden linadzala madzi, ndiyo nyanja ya Mälaren.

Kasupeyo anali mphatso kwa mzinda yocokera ku thumba la Carlsberg, pokumbukira kuti kampani yofulula mowayo, imene inayamba mu 1847, yatha zaka 50. Ndiyo kampani yomwe inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968. Mmisiri Anders Bundgaard anaumba zifanizozo kuyambira 1897 kufikira 1899, ndipo kasupe anatsegulidwa mu 1908. Atakalamba, anamtseka mu 1999 kuti amkonze, ndipo madzi anayambanso kutumphuka mu 2004.

Nanga bwanji anthu a m'mzinda anakondwera ndi cifanizo ca khasu? Yankho liri m'zimene zinacitika zaka 44 kasupe asanatsegulidwe. Mu 1864 Denmark anagonja pa nkhondo yomenyana ndi Prussia ndi Austria, nalandidwa maiko a Schleswig ndi Holstein, momwe munali minda yambiri yabwino. Mphamvu yolanditsa malowo analibe. Pamenepo anthu anzeru anayang'ana m'kati mwa malire otsalawo, naona kuti ku cigawo ca Jutland kuli cipululu cacikuru ca mcenga ndi zitsamba, kumene mphepo inali kuulutsa nthaka.

Mu 1866 Enrico Dalgas ndi anzace anayambitsa bungwe lokonza cipululuco. Anabzala mitengo m'mizere kuti icinge mphepo. Anakumba ngalande zotengera madzi a m'mitsinje ku madambo a msipu. Anatuta dothi la laimu ndi kuliwaza m'minda kuti nthaka ileke kuwawasa. Nchitoyo inatenga zaka makumi ambiri, ndipo ambiri amene anabzala mitengo sanakhale pa mthunzi wace. Pomariza analima cipululuco kufikira cinatsala pang'ono, ndipo cotsalaco lero acisunga mwa lamulo, pakuti anazindikira kuti si malo onse ayenera khasu.

Bvuto lina linadza m'zaka za m'ma 1870, pamene tirigu wochipa wa ku America anagwetsa mitengo ya mbeu ku Ulaya. Alimi a ku Denmark anayamba kudyetsa mbeuzo ng'ombe ndi nkhumba. Koma mlimi wa ng'ombe ziwiri sakanagula yekha makina opangira batala. Cotero mu 1882 alimi a mudzi wa Hjedding anagwirizana namanga nyumba imodzi ya mkaka, ndipo ali yense analandira phindu molingana ndi mkaka umene anabweretsa. Midzi yina inatsanzira, ndipo mu 1887 alimi a ku Horsens anacita cimodzimodzi ndi nkhumba. Batala ndi nyama yao zinapeza msika waukuru ku England.

Mwaona tsono kuti pamene Bundgaard anali kuumba ng'ombe zace, anthu a mtundu wace anali atayamba kale kucita cimene nthano inanena: kudzipezera dziko ndi khasu. Kusiyana kwace nkwakuti m'nthano zinatenga tsiku limodzi, koma m'minda zinatenga mibadwo iwiri kapena itatu.

Inu mafumu, milandu ya malire mukuidziwa. Anthu alikucuruka, koma dziko silikula. Munthu akadza kwa inu kupempha malo ena, yambani mwapita naye kukaona munda umene ali nao: kodi mizere yace yapingasa phiri, kodi manyowa a m'khola afika kumunda, kodi cigwembe calowamo ndani alikucitseka? Kawiri kawiri munda umene afuna uli pansi pa mapazi ace. Ndipo nchito imene ikanika banja limodzi, monga kutseka cigwembe kapena kugula ng'ombe za pagoli, iitanireni mudzi wonse.