Mapazi Nawonso Ali ndi Alifabeti

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995. Asodzi a padooko la Kachulu anabalalika kukasaka moyo kwina. Madzi atabwerera, matemba anabwereranso. Koma gule amene katswiri wake wafera kuchilendo sabwerera.

Nyimbo zina za dziko lino zinapulumuka chifukwa Hugh Tracey anazijambula m'zaka za m'ma 1950. Komatu tepi ilibe maso: imasunga ng'oma, phazi ayi.

Ku Ulaya, Rudolf Laban anafalitsa njira yolembera kavinidwe mu 1928. Pamakhala mizere itatu yoimirira, ndipo umawerenga kuyambira pansi kumka m'mwamba. Mzere wapakati umagawa thupi, uku kumanja uku kumanzere. Maonekedwe a chizindikiro amakuuza kolowera, utali wake ndiye nthawi, ndipo chikada bii, pinda mawondo.

Nditaphunzira zizindikirozi, ndinakalemba tchopa wa Alhomwe m'mudzi wina kufupi ndi Kachulu. Mapazi anagona bwino papepala, koma chiuno ndi mapewa zinanditayitsa masiku. Agogo ena anaseka: “Mwanawe, ukulemba fumbi kodi?” Atatha kuseka anandivinira pang'onopang'ono, kundilongosolera zimene ana awo sanawafunsepo.

Inde, foni imajambula kanema. Koma wojambula amangoloza, pamene wolemba amakakamizika kufunsa kuti phazi liti layamba, ndipo chifukwa ninji.

UNESCO inavomereza tchopa mu 2014. Chabwino, koma satifiketi siphunzitsa mwana kuvina. Ophunzira zaluso ku Chirunga atsikire kunyanja ndi pensulo, agogowa akadalipo.