Asilikali a M'thupi

Mawu akuti "asilikali a m'thupi" amatanthauza maselo oyera a m'magazi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo kwa Mchewa wa ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, fanizoli limamveka msanga kuposa Chipwitikizi cha kuchipatala. Komabe pa chifuwa chachikulu fanizoli limaperewera, chifukwa kachilombo kamene Robert Koch anatulukira mu 1882 kakafika m'mapapo, maselo otchedwa makrofeji amakameza koma kawirikawiri amalephera kukapha, kotero maselo ena amazinga malowo ngati linga n'kukatsekera kwa zaka zambiri munthu osadwala. HIV ikachepetsa maselo a CD4, lingalo limagumuka ndipo chifuwa chimabuka.