Adolph Malan: Msilikali wa Nkhondo Ziwiri

Adolph Gysbert Malan anabadwa m'chaka cha 1910 ku Wellington, m'dziko la South Africa. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, n'chifukwa chake atalowa gulu la ndege zankhondo la Britain anzake anamupatsa dzina loti "Sailor", kutanthauza mmalinyero. M'chaka cha 1936 anatumizidwa ku gulu la 74 Squadron.

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itafika pachimake m'chaka cha 1940, ndege za Germany zinkafika mwaunyinji kudzaphulitsa mabwalo a ndege ndi mizinda ya Britain. Malan, amene ankayendetsa ndege ya mtundu wa Spitfire, anakhala mtsogoleri wa gulu lake mu Ogasiti chaka chomwecho. Iye anaona kuti chizolowezi chouluka ndege zitatuzitatu mothinana chinkaphetsa anyamata ake, pakuti maso awo ankathera pa kupewa kugundana m'malo moyang'ana mdani. Choncho anawagawa anayianayi, aliyense ndi mnzake womuteteza kumbuyo, poti mutu umodzi susenza denga. Analembanso malamulo khumi omenyera nkhondo mumlengalenga. Mwa ena, anawalangiza kuti asamaombe mfuti mdani ali patali, ndiponso kuti asamauluke molunjika kupitirira masekondi 30 pamalo a nkhondo. Iye mwini anagwetsa ndege za adani 27, osawerengera zimene anagwetsa mothandizana ndi ena.

Malan anabwerera kwawo m'chaka cha 1946, koma mtendere sanaupeze. M'chaka cha 1948 chipani cha National Party chinatenga boma ndi kukhazikitsa ulamuliro wa tsankho. Boma litafuna kuchotsa Makaladi m'kaundula wa ovota m'chaka cha 1951, asilikali akale anaona kuti nkhanza zimene anakalimbana nazo ku Ulaya zamera pakhomo. Iwo anayambitsa bungwe la Torch Commando, ndipo Malan ndiye anali pulezidenti wake. Usiku ankaguba m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town atanyamula miyuni.

Nkhondo yachiwiriyi sanaipambane. Bungwelo, limene ambiri mwa mamembala ake anali azungu, linafooka pambuyo pa chisankho cha 1953, ndipo m'chaka cha 1956 Makaladi anachotsedwadi m'kaundula uja. Malan anamwalira m'chaka cha 1963 atadwala matenda a Parkinson, naikidwa ku Kimberley. Boma linakana kumupatsa ulemu wa usilikali pamaliro ake.

Kuthira nkhondo mdani wochokera kutali kumabweretsa nyota ndi mamendulo, koma kudzudzula abale ako akamapondereza anzawo kumabweretsa chidani. Malan anadziwa zimenezi, komabe sanakhale chete. Ngakhale ulamuliro umene unamumana ulemu unatha m'chaka cha 1994, funso limene moyo wake unasiya likadalipo: kodi munthu angatchedwe wolimba mtima ngati saopa zipolopolo, koma amaopa kunena zoona pakati pa anthu akwawo?